Momwe mungazungulire chilumba cha Sardinia pa galimoto yogonamo

Mu Seputembala chaka chatha ine, mayi a kunyumba ndi alamu anga tinatenga masiku 10 kukazungulira Sardinia, chilumba cha dziko la Italy chomwe chili pa nyanja ya Mediterranean. Tinayenda pa galimoto zija zokhala ndi bedi, mbaula, firiji ndi chimbudzi m'kati momwemo, zimene kumeneko amangoti camper. Chibwerereni anzathu a kuno ku Leeds, ku Britain, sakundipatsa mpata pa WhatsApp, aliyense funso lake ndi lomwelo, loti ulendo wotere umayendedwa bwanji, ndiye ndati ndilembe kamodzi kuti ndipume.

Chilumbachi n'chocheperako pang'ono poyerekeza ndi nyanja ya Malawi, ndipo kuchoka kumpoto kufika kumwera ndi makilomita pafupifupi 270. Koma zisakunamizeni. Misewu ya m'mapiri mwake ndi yokhotakhota ngati ya pa Golomoti, moti mtunda umene pa mapu ukuoneka wa ola limodzi umadya theka la tsiku.

Choyamba: mapepala

Ngati muli ndi pasipoti ya Malawi mukufunika viza ya Schengen, yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo Italy, olo mukhale kuti mukukhala ku Britain movomerezeka. Pepala la ku Britain siligwira ntchito ku Italy. Vizayi ndi mayuro 90 munthu wamkulu, kuphatikiza kena kamene amadula a ofesi yolandira mafomu, ndipo amafuna inshuwalansi ya paulendo yofika mayuro 30,000. Poti simugona ku hotela, sindikizani pepala losonyeza kuti mwabwereka camper, muphatikizepo la malo ogona ngakhale awiri atatu, chifukwa amafunsa kuti muzikagona kuti.

Laisensi wamba ya galimoto yaing'ono ndi yokwanira bola camper isapitirire makilogalamu 3,500, ndipo zobwereketsa zambiri zimalekeza pomwepo. Ya ku Britain amailandira momwe ilili. Ngati yanu ndi ya ku Malawi, katengereni ija ya mayiko onse musananyamuke.

Chachiwiri: mwezi wopita

Pitani mu Meyi, Juni kapena Seputembala. Ogasiti musayerekeze. Pa 15 Ogasiti kumakhala tchuthi chachikulu chotchedwa Ferragosto, ndipo sabata zozungulira tsikuli Italy yense amakhamukira kunyanja, mitengo ya chilichonse imakwera, malo oimika galimoto yaikulu osapezeka. Mukachedwanso mpaka kumapeto kwa Okutobala mupeza misasa yambiri yatseka.

Chachitatu: kubwereka

Njira zilipo ziwiri. Mukhoza kubwereka kumtunda, ku Italy kwenikweniko, n'kukwera nayo sitima ya pamadzi kuchokera ku Livorno kapena Civitavecchia kupita ku Olbia, kapena kuchokera ku Genoa kupita ku Porto Torres, madoko a ku Sardinia. Makampani ngati Moby, Grimaldi Lines ndi GNV amayenda njira zimenezi, nthawi zambiri usiku wonse. Mtengo amawerengera kutalika kwa galimoto, ndipo gasi amati mutseke musanakwere. Ife tinaona kuti ndi kutaya masiku awiri, choncho tinakwera ndege mpaka ku Olbia n'kukabwereka konko. Ku Cagliari ndi ku Alghero kulinso mabwalo a ndege.

Chenjerani ndi zotsatsa za pa Facebook. Alamu anga anapeza ina yokongola, mtengo theka la ena onse, mwini wake n'kumati titumize ndalama yonse ku akaunti yake kuti atisungire. Titamupempha kuti atiimbire pa vidiyo ali pafupi ndi galimotoyo, foni inayamba kuvuta netiweki mpaka lero. Lipirani ndi khadi, pa tsamba la kampani imene ili ndi adiresi yeniyeni.

Mtengo umene mumauona poyamba si umene mudzalipire. Zofunda amalipitsa padera, mipando ya panja padera, woyendetsa wachiwiri padera, ena mpaka makilomita amakuikirani malire. Ndiye pali dipoziti imene amaigwira pa khadi la ngongole la woyendetsa, osati la mkazi wake kapena la mlamu wake. Yathu inali mayuro 1,500.

Chachinayi: tsiku lolandira galimoto

Apa ndi pamene ndinagwa nayo, ndiye mundilole ndichedwepo.

Tinafika pamalo otengera galimoto cha m'ma 3 koloko masana, dzuwa likuswa mtengo, kumbuyo kwathu kuli mabanja ena awiri akudikira. Mnyamata wotipatsa makiyi anali pa liwiro. Gasi apa, madzi apa, chimbudzi mumatulutsa chonchi, sainani apa. Ine ndinadziyesa wochenjera: ndinazungulira galimoto yonse ndi foni, kujambula kalikonse kokalika m'mbali, mabampa, magalasi, matayala. Palibe mwa atatufe amene anakweza maso kuona padenga. Kapepala kosonyeza msinkhu wa galimoto kanali komata pafupi ndi chiwongolero, kolembedwa kuti mamita 3.1, ndipo ndinakaona ndithu, koma nambalayo sinakhale m'mutu. Mutu unali pa zina: kumeneko amayenda kumanja kwa msewu, chiwongolero chili kumanzere, giya ukusintha ndi dzanja lamanja, galimoto yake yotalika pafupifupi mamita 7.

Tsiku lachinayi tikuchoka ku Orgosolo, kumene tinakaona zithunzi zojambulidwa pa zipupa za nyumba, foni inatiuza kuti pali njira yachidule yodutsa m'kamudzi kena ka m'phiri. Foni imaganiza kuti uli pa kagalimoto kakang'ono. Msewu unayamba bwinobwino, kenaka n'kumachepa, n'kumachepa, mpaka magalasi a m'mbali atatsala pang'ono kukhudza zipupa. Ndinawapinda. Maso anga onse anali m'mbali. Nyumba za m'midzi imeneyi zili ndi timakonde ta m'mwamba totulukira mumsewu, ta miyala ndi zitsulo, pamene amayi amayanikapo zovala.

Ndinangomva kuti khwee pamwamba pa mutu wanga, kenaka phwaa.

"Bambo, imani! Imani!" anakuwa mayi a kunyumba, koma n'kuti zitachitika kale. Kazenera ka padenga kanali katasweka, zidutswa za pulasitiki zili pabedi.

"Alamu, tatsikani mukandionere kumbuyo," ndinatero. Chitseko sichikanatheka kutseguka mokwanira, anachita kudzifinya ngati akutuluka m'minibasi yodzaza. Posakhalitsa panafika madala atatu ochokera pa kabala kena, mmodzi kapu ya khofi ili m'manja. Panalibe amene anakalipa. Wina anangoyang'ana khonde, kuyang'ana denga la galimoto, n'kupukusa mutu monga munthu amene waziona kambirimbiri. Anaima kumbuyo n'kumandikodola ndi dzanja, "piano, piano", kutanthauza pang'onopang'ono, ndipo ndinabwerera livesi mtunda wonsewo, kokwera, klatchi ikununkha. Zinatenga mphindi 40. Usiku umenewo tinamata bowolo ndi jumbo ya zinyalala ndi tepi.

Zowawa zenizeni zinabwera pobweza. Ine ndinali nditalipira inshuwalansi yowonjezera, mtima uli m'malo. Anandionetsa mzere wa tizilembo ting'onoting'ono pa pepala limene ndinasaina ndekha: zowonongeka padenga, kunsi kwa galimoto ndi matayala sizili mu inshuwalansi. Atakwera pa makwerero anapezanso mkwasa wina wautali chakumbuyo kwa denga, wakuda ndi fumbi lakalekale, umene ndikutsimikiza kuti sunali wathu. Umboni ndinalibe. Pa mayuro 1,500 aja anatibwezera 600.

Ndiye inu chitani izi. Pemphani makwerero, kapena kwezani foni pa ndodo, mujambule denga lonse mnyamatayo ali pomwepo, ndipo chilichonse mwachiona chilembedwe pa pepala musanasaine. Funsani mwachindunji kuti denga, kunsi ndi matayala zili mu inshuwalansi kapena ayi, komanso ngati amalola misewu yafumbi, poti ambiri salola. Msinkhu, mulifupi ndi mulitali wa galimoto muzilembe ndi zilembo zikuluzikulu, mumate pamene maso amagwera. Wokhala pampando wa kutsogolo ntchito yake ikhale yoyang'ana m'mwamba: makonde, nthambi, zikwangwani. Ndipo mukafika pa mudzi uliwonse wakale, imikani kunja mulowe wapansi. Ngati simukuona basi kapena lole ikulowa msewu umenewo, inunso musalowe, foni inene zimene inganene.

Pali chifukwa chinanso choimikira kunja. M'matauni ngati Cagliari, Alghero ndi Sassari muli madera olembedwa ZTL, chikwangwani chake chozungulira, choyera, mkombero wofiira. Kumeneko galimoto za alendo siziloledwa pa maola ena. Wapolisi simumuona, kamera ndi imene imajambula, chindapusa n'kukutsatirani kwanu patapita miyezi, kampani yobwereketsa itawonjezerapo yakeyake.

Chachisanu: kogona

Lamulo la pamsewu la ku Italy, gawo 185, limati camper ikaima pa matayala ake okha, osatulutsa kanthu kunja ndiponso osataya madzi, imatengedwa ngati galimoto ina iliyonse yoimikidwa. Mukangotulutsa mpando, tebulo kapena kutambasula chinsalu cha mthunzi, ndiye kuti mwamanga msasa, ndipo zimenezo n'zoletsedwa kunja kwa malo ake. M'mbali mwa nyanja makhonsolo ambiri anaikanso zikwangwani zoletsa ma camper, kwina n'kupingasa chitsulo m'mwamba kuti yaitali isalowe.

Malo ogona alipo a mitundu itatu. Campeggio ndi msasa wathunthu, wokhala ndi mabafa ndi magetsi, wodula. Area sosta ndi bwalo chabe la ma camper, lotchipa, nthawi zina la fumbi lokhalokha. Agriturismo ndi pa famu, ndipo ndi amene ine ndinawakonda. Pa famu ina pafupi ndi Dorgali tinagona pansi pa mitengo ya olivi, madzulo n'kudya porceddu, kamwana ka nkhumba kowotcha pa nkhuni, ndi pane carasau, buledi wopyapyala wophwanyika ngati chipapati chouma. Pulogalamu ya pa foni yotchedwa Park4night imasonyeza malo onsewa, koma werengani ndemanga zaposachedwa. Kwina tinapeza geti lokhoma ndi galu yekha.

Udzudzu ulipo wambiri, tengani mankhwala opaka. Malungo okha musade nawo nkhawa, anawathetsa pachilumbachi cha m'ma 1950 atapopera DDT paliponse.

Chachisanu ndi chimodzi: madzi, chimbudzi, mafuta

Kabokosi ka chimbudzi kamadzaza masiku awiri kapena atatu mukakhala atatu. Kokhuthulira ndi pamalo olembedwa camper service, pomwe mumatayanso madzi otsukira ndi kudzaza abwino. Kutaya patchire ndi mlandu. Gwirizanani msanga kuti ntchitoyi ndi ya ndani, ife tinakangana.

Pa filing'i siteshoni dizilo amalemba gasolio, petulo ndi benzina. Musasokoneze. Pampu yolembedwa servito amakuthirirani koma mtengo ndi wokwera, pitani pa self. Makina olandira ndalama za pepala ambiri sabweza chenji, gwiritsani khadi. Chosangalatsa n'chakuti ku Sardinia kulibe misewu yolipiritsa.

Masitolo a m'midzi amatseka kuyambira cha m'ma 1 koloko mpaka 4 kapena 5. Ufa wa nsima nyamulani wanu, wa polenta umene tinaupeza unali wachikasu ndi wamiseremisere. Nyama ndi mkaka zochokera ku Britain saloleza kulowa nazo.

Chachisanu ndi chiwiri: njira yake

Ife tinatsika ndi kum'mawa pa msewu wa SS125. Chigawo cha pakati pa Dorgali ndi Baunei chimakwera kupitirira mamita 1,000 pa Genna Silana, ndipo ndi pokongola kuposa pena paliponse pamene tinadutsa, koma yendani m'mawa ndipo yembekezerani nkhosa pakona iliyonse, poti kumeneko nkhosa n'zambiri kuposa anthu. Kenaka Cagliari, n'kukhotera ku Barumini kukaona Su Nuraxi, linga la miyala la zaka zoposa 3,000 lomwe UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaliika pa mndandanda wake wa malo ofunika kutetezedwa mu 1997. Kuchoka apo msewu wa SS131 mpaka Oristano, kenaka Bosa, msewu wa m'mbali mwa nyanja mpaka Alghero. Ku Capo Caccia kuli phanga la Neptune, masitepe 654 kutsika ndi omwewo kukwera, ine ndinadikira m'galimoto. Mphepo ya maestrale ikamawomba mbali imeneyi, chinsalu cha mthunzi musatambasule.

Gombe la La Pelosa ku Stintino m'nyengo yotentha amachita kulembetseratu pa intaneti, ndipo amafuna muyale mkeka pansi pa thawulo kuti mchenga usamatirire. Mchenga, timiyala ndi zigoba za nkhono musatole olo kodzaza dzanja. Lamulo la 2017 limalipitsa mayuro 500 mpaka 3,000, ndipo pa bwalo la ndege amasecha zikwama.

Chomaliza: kubweza

Dzazani dizilo, khuthulani chimbudzi, sesani m'kati, fikani ola limodzi nthawi isanakwane. Jambulaninso zonse, ndi denga lomwe. Khadi lija musalitseke kwa miyezi ingapo, mwina kamera ya ZTL inakuonani.