Mmene mungakwerere Blacklist pa Need for Speed: Most Wanted ya 2005

Gemu iyi inatuluka mu 2005, koma mpaka lero ikadali moyo pa PS2 ndi pa malaputopu akale ku Ndirande, Bangwe ndi Chilomoni, chifukwa siifuna makina amphamvu kapena intaneti. Ntchito yake ndi yodziwika: kugonjetsa oyendetsa 15 a pa Blacklist mumzinda wa Rockport, kuyambira Sonny wa Golf GTI mpaka Razor, amene anakulandani BMW M3 GTR koyambirira kuja. Ambiri amayenda bwino mpaka pa Earl, nambala 9, wa Lancer Evolution VIII, n'kukakamira pomwepo. Kawirikawiri galimoto imakhala ilibe mlandu. Vuto limakhala chala chimene sichichoka pa batani la moto.

Musanayambe, onani TV. PS2 ikalumikizidwa ku TV ya masiku ano ndi chingwe cha mapulagi atatu, lachikasu, loyera ndi lofiira, chithunzi chimachedwa pang'ono kufika, ndiye mumakhota mutadutsa kale kona. Yatsani Game Mode ngati TV ili nayo. Ngati pakhomo pali TV yakale yonenepa kumbuyo ija, ndiye yabwino koposa pa gemu iyi. A pa kompyuta, muzikopera pa fulashi foda ya NFS Most Wanted imene ili mu Documents, chifukwa magetsi akathima gemu ili pakati posunga, Career yonse, ndiye kuti ulendo wanu wonse wokwera Blacklist, imatha kuwonongeka. Dziwaninso kuti kusewera awiri pa sikirini imodzi kumatheka pa PS2, koma pa kompyuta mumafunika makina awiri olumikizidwa pa LAN.

Chinthu china chimene chimapha atsopano: ku Rockport magalimoto amayenda kumanja kwa msewu. Maso anu anazolowera Masauko Chipembere Highway, ndiye mukasokonezeka dzanja limathawira kumanzere, kumene kukubwera lole.

Tsopano kona, pamene pagona mpikisano wonse. Gemu ya mtundu uwu imakhululuka zambiri, mutha kukhula khoma galimoto osaphwanyika, koma liwiro limene khomalo ladya silibwerera msanga. Fikani pakona muli mbali ya kunja. Siyani moto, gundani buleki kamodzi kapena kawiri galimoto ikadali yowongoka, kenako khotani kulunjika m'kati mwa kona. Mphuno ya galimoto ikangoyang'ana kotulukira, pondani moto wonse ndipo apa ndi pamene muthire nitrous, mpweya wowonjezera liwiro. Ambiri amasunga nitrous kuti akaithire pa msewu wowongoka galimoto ili kale pa liwiro lake lomaliza, pamene imawonjezera zochepa kwambiri. Ntchito yake yeniyeni ndi kukubwezerani liwiro mukatuluka pakona kapena mukagunda chinthu. Imadzadzanso yokha mukamathamanga, ndiye kufika nayo kumapeto ili yodzaza ndi kutaya chabe.

Handibuleki isiyeni, kupatula pa kona yobwerera kumbuyo. Imaoneka bwino kwa anzanu amene akuonerera, koma matayala akamatsetsereka galimoto siikupita kutsogolo.

Speedbreaker ndi batani lochedwetsa nthawi, ndipo likakhala loyatsa galimoto imagwira msewu kwambiri. Ligundeni polowa kona yothina, wongolani mphuno, n'kulizimitsa nthawi yomweyo. Mukalisiya loyatsa kona yonse mukukhotetsa mwamphamvu, mutuluka mukukwawa.

Chifukwa chake Earl amavuta ndi ichi: mu Career, kompyuta imathandiza otsalira. Mukawasiya patali amathamanga kuposa mphamvu ya magalimoto awo, mukatsalira amachepetsako. Choncho kutsogola kwambiri koyambirira sikukupindulitsani zambiri, pamene kulakwitsa kamodzi cha kumapeto kumakutayitsani zonse. Mukagunda pa lapu yoyamba musathamangire Restart, mudzawapeza. Sungani Speedbreaker yodzaza kuti ikutumikireni pa makona omaliza, ndipo njira zachidule zimene simunaziyesepo musaziyesere pamenepo.

Mipikisano inayo ili ndi malamulo ake. Pa Speedtrap sawerengera amene wafika koyamba, amaphatikiza liwiro limene mwadutsa nalo pa kamera iliyonse, ndiye nitrous ithireni kamera ikuoneka kutsogolo. Musazengereze kwambiri, chifukwa woyamba akamaliza zigoli za otsalira zimayamba kuchepa. Pa Tollbooth muli nokha ndi wotchi, ndipo masekondi otsala pa geti lina amapita nanu ku geti lotsatira. Pa Drag magiya mumasintha nokha, chiwongolero chimangosamutsa galimoto kuchoka mu leni ina kupita mu ina, ndipo mukachedwa kusintha giya injini imapsa.

Apolisi ndi theka la gemu, popeza simungapikisane ndi munthu wa pa Blacklist musanakwanitse Bounty (mapointi a kuvutitsa apolisi) ndi Milestones (ntchito zapadera zimene gemu yakupatsani) zake. Zimene mwapeza pothamangitsidwa zimawerengedwa pokhapokha mutathawa. Mukagwidwa zimapita, mumalipira faindi, ndipo galimoto imalembedwa chizindikiro. Zikakwana zitatu, ailanda. Ndiye mukakwanitsa chimene mumafuna, yambani kuthawa pompo, dyera la Bounty lagwetsa ambiri pa mphindi yomaliza.

Musanayambitse chipwirikiti, dziwani pamene pali ma Pursuit Breaker awiri kapena atatu oyandikana. Pa mapu amaoneka ngati timakona atatu tofiira: malo omwetsera mafuta, thanki ya madzi, chikwangwani chachikulu cha donati chija. Mukagunda, zimagwera apolisi amene ali m'mbuyo mwanu, ndiye dikirani ayandikire kaye. Akakutayani, Cooldown, nthawi yodikira kuti asiye kukufunani, imayamba, ndipo pa mapu pamatuluka malo obisala amene amafulumizitsa nthawiyo. Lowani, imani, musasunthe.

Pa rodibuloko, yang'anani pamene pali matabwa otchingira, ndi pofewa. Ngati palibe, yatsani Speedbreaker n'kugunda kumbuyo kwa galimoto ya apolisi, osati kutsogolo kumene kuli injini. Kuyambira Heat 4 (Heat ndi mlingo wa mmene apolisi akufunira galimoto yanu) musakhulupirire mpata woonekera bwino pa rodibuloko, chifukwa nthawi zambiri ndi pamene ayala misomali, ndipo matayala akaphulika kugwidwa kuli pafupi. Pa mlingo womwewo kumabweranso helikopita, imene siikuonani mukakhala mu tanelo. Ma SUV olemera amene amabwera mutu ndi mutu musalimbane nawo, apatukireni pa sekondi yomaliza. Heat ikakwera kwambiri, sinthani penti kapena bodi ya galimoto, kapena muyendere ina kwa kanthawi, imatsika.

Mukagonjetsa munthu wa pa Blacklist, amakupatsani ma marker 6, makadi a mphotho, kuti musankhe awiri. Atatu mwa iwo ndi obisika, ali ndi chizindikiro cha funso, ndipo limodzi mwa atatuwo ndi pink slip, chikalata cha galimoto ya mdaniyo. Mukasankha onse awiri pa obisikawo, mwayi wanu ndi 2 pa 3. Galimotoyo imabwera yokonzedwa kale, ndipo Cayman S ya Baron, nambala 10, kapena Gallardo ya Ming, nambala 6, imakupulumutsirani ndalama zambiri. Ngati galimoto yanu ikukwanira kale, tengani marker ya performance, imene imakupatsani chipangizo cha Junkman, chapadera chowonjezera mphamvu ya galimoto. Ena amazimitsa autosave asanakumane ndi mdani kuti akaphonya pink slip abwerezenso. Zimatheka, koma mipikisano ya mdaniyo muyibwereza yonse, ndipo muzikumbukira kusunga nokha mukangoipeza galimotoyo.