Penshoni ya Social Security Kudzera mwa Mwamuna Kapena Mkazi Wanu ku America

Ambirife timayesa kuti penshoni ya Social Security, yomwe imaperekedwa ndi boma la America, ndi ya yekhayo amene anagwira ntchito. Si choncho. Ngati amuna anu kapena akazi anu anadulidwa msonkho wake kwa zaka pafupifupi 10, n'kukwanitsa ma credit 40 (mapointi amene munthu amapeza akamagwira ntchito n'kumadulidwa msonkhowo), nanunso mukhoza kulandirako ngakhale simunalembedwepo ntchito kuno.

Muyenera kukhala ndi zaka zosachepera 62, banja likhale litatha chaka, ndipo mnzanuyo akhale atayamba kale kulandira yake. Ndalama zake sizipitirira theka la zimene iye amayenera kulandira pa msinkhu wopumira, womwe ndi zaka 67 kwa obadwa mu 1960 kapena pambuyo pake. Mukathamangira pa 62, muzilandira 32.5 peresenti yokha m'malo mwa thekalo, ndipo kuchepako n'kwa moyo wonse. Kudikira kupyola 67 nako n'kungodzimana, siikweranso. Amene muli ndi penshoni yanuyanu musayembekeze ziwiri; amakupatsani yofanana ndi yaikuluyo.

Banja likatha, mwayi ulipobe bola munakhala m'banjamo zaka 10 ndipo simunakwatiwenso kapena kukwatiranso. Ndalamazo sadula kwa mnzanu wakaleyo, choncho palibe chokanganirana.

Pamene ambiri amagwa m'mbuna ndi pobwerera kumudzi. Munthu amene si nzika ya America akakhala kunja miyezi 6 yotsatizana, ndalama zimaimitsidwa, pokhapokha lamulo litamupatula. Dziko la Malawi lilibe pangano la penshoni ndi America, ndiye kwa olandira kudzera m'banja lamulo ndi lakuti akhale atakhalapo mu America zaka 5 ali m'banjalo. Mayi amene anatsala ku Mzimba kapena ku Mulanje kulera ana, bambo ali ku Indiana zaka 20, sangamalandire ali kwawoko. N'zowawa, koma ndi bwino banja lidziwiretu lisanamange mapulani a ukalamba pa ndalama zimene sizidzabwera.

Chinanso ndi mapepala. A Social Security amafuna umboni wa ukwati, ndipo chinkhoswe chopanda chikalata chidzakuvutitsani pofotokoza. Funafunani setifiketi ya ukwati, ya kubadwa ndi zikalata zokulolezani kukhala m'dzikomo nthawi ikadalipo, ankhoswe akadali moyo. Kulembetsa kumatheka pa ssa.gov kapena ku ofesi yawo, kutatsala miyezi 4 kuti muyambe kulandira.