Momwe mungasamalire khanda lobadwa masiku asanakwane m'nyengo ya chiperoni

Chiperoni chikamanga pa phiri la Mulanje, ngakhale munthu wamkulu amadzipinda m'bulangete mpaka dzuwa kukwera. Khanda lobadwa masabata 37 asanakwane, kapena lolemera kuchepera makilogalamu 2.5, limavutika koposa. Lilibe mafuta okwanira pansi pa khungu, ndiye likazizidwa limafooka, limaleka kuyamwa, shuga n'kutsika m'magazi. Ana otere ndi ambiri kwathu kuno: lipoti la mu 2012 linaonetsa kuti ku Malawi ana 18 mwa 100 alionse amabadwa masiku asanakwane.

Njira yowapulumutsira pomangirira mwana pachifuwa khungu kukhungu, yomwe anamwino amati kangaru, inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978 chifukwa makina otenthetsera ana ankachepa, ndipo kuno inayamba ku chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Kuwodi zimayenda bwino poti namwino ali pafupi. Pamavuta ndi kunyumba.

Choyamba, musatuluke m'chipatala musanamange nokha. Kaya mwachilira ku chipatala cha boma cha Mulanje kapena Thyolo, ku Mulanje Mission kapena ku Malamulo, pemphani namwino akuonerereni mukumanga mwanayo ndi manja anu. Amene adzakuthandizeni kumudzi, mayi anu, mchemwali kapena bambo a mwana, nawonso ayese pomwepo. Funsaninso tsiku lobwerera ku sikelo, alembe m'buku.

Chachiwiri, kamangidwe. Sambani m'manja ndi sopo. Mwana avale thewera, chipewa ndi masokosi basi. Apa agogo ambiri amakana, amafuna kumuveka majuzi awiri n'kumukulunga m'shawelo, koma zovalazo zimatchinga kutentha kwa mayi kuti kusamufike. Muikeni choimirira pakati pa mabere, chifuwa chake chigunde khungu lanu, miyendo ndi mikono zili chopinda ngati chule. Mutu utembenukire mbali imodzi, chibwano chitukuke pang'ono kuti mpweya uzidutsa bwino. Kulungani chitenje kuchokera kutsogolo, m'mphepete mwake mudutse m'munsi mwa khutu la mwana, wina akumangireni kumsana. Chigwire mokwanira kuti mukawerama mwana asapendekeke, koma chisafinye mimba yake, pakuti makanda amapumira kwambiri pamimba. Kenako valani juzi kapena bulauzi yotsegula kutsogolo n'kufunda nonse awiri. Nkhope yake muziiona nthawi zonse.

Chachitatu, akhale pamenepo usana ndi usiku. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati maola 8 mpaka 24 patsiku, ndipo kuchuluka kwa maola ndiye kukula kwa phindu. Pogona musagone chafufumimba kapena chammbali. Sanjani mapilo kapena mabulangete kumsana mugone chotsamira. Mayi mmodzi sangathe zonsezi yekha. Akafuna kusamba, kupita kuchimbudzi kapena kungotambasula msana, wina amulandire. Abambo, musaope kuti anzanu a ku esiteti akusekani. Chifuwa chanu chimatentha chimodzimodzi, ndipo ndi uthenga womwewu umene kampeni ya Khanda ndi Mphatso inkalalikira m'midzi ya ku Thyolo. Kutunga madzi, kutola nkhuni ndi kuthyola tiyi ziyambe zadikira, kapena ena agwire. Mayiyu angochira kumene, thupi lake likufunanso chakudya chokwanira ndi mpumulo.

Mbaula yamakala musailowetse m'chipinda chotseka pofuna kufunditsa mwana. Mpweya wake sununkha koma umapha. Botolo la madzi otentha nalo limawotcha khungu lanthete lija.

Chachinayi, kuyamwitsa. Mwana wotere amagona kwambiri ndipo salira kawirikawiri, choncho musadikire kulira. Mudzutseni pa maola awiri kapena atatu alionse, ngakhale pakati pa usiku, ayamwe kosachepera kasanu ndi katatu pa tsiku lathunthu. Ngati akutopa asanakhute, finyirani mkaka m'kapu yotsukidwa bwino ndi madzi owira. Mukhazikeni chotsamira, gunditsani kapu pamlomo wam'munsi kuti mkaka ungofika m'mphepete, iye azipsontha yekha. Osathira m'kamwa, angatsamwe. Mkaka woyamba wachikasu uja musautaye, ndi umene uli ndi chitetezo chambiri. Madzi, tiyi, phala ndi mankhwala azitsamba ayi, mpaka miyezi isanu ndi umodzi.

Kusambitsa sikofulumira. Mpukuteni ndi kansalu konyowetsa m'madzi ofunda, mwachangu, chitseko chotseka, n'kumubwezera pachifuwa. Pamchombo pakhale pouma. Pakani mankhwala opha tizilombo a chlorhexidine ngati akupatsani kuchipatala, osati phulusa, mafuta kapena zina zakumudzi.

Chachisanu, dziwani nthawi yothamangira kuchipatala. Mwana akakana bere, akafooka osagwedezeka, akamapuma mothamanga kapena mobuula chifuwa chikulowa m'kati, akamaleka kupuma kwa kanthawi, akachita linjirinjiri, thupi likatentha kwambiri kapena likazizirabe ngakhale ali pachifuwa, chikasu chikafika m'manja ndi kumapazi, kapena mchombo ukafiira n'kumatuluka mafinya, nyamukani nthawi yomweyo. Musadikire kuti kuche, kapena kuti mwambo wotuluka m'chikuta uchitike kaye. Paulendo mwana akhale pachifuwa pomwepo, womangidwa bwino, makamaka ngati mwakwera kabaza m'misewu yoterera ya m'minda ya tiyi. Nambala ya wakabaza wodalirika ndi ndalama yaulendo zikhale pafupi kuyambira tsiku lotuluka. Mayi nayenso akamataya magazi ambiri, akatentha thupi, mutu ukamuwawa kwambiri kapena akamaona zachimbuuzi, apite msanga. Pa mafunso osafuna changu, funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena imbani nambala yaulere ya Chipatala cha pa Foni.

Ku sikelo musajombe, chifukwa ndi kumene muone ngati akunenepa, ndipo namwino akuuzani za katemera wa BCG, woteteza ku chifuwa chachikulu, ndi wa poliyo ngati sanalandire pobadwa. Kangaru amapitirira mpaka mwana atafika makilogalamu 2.5. Nthawi zambiri amakudziwitsani yekha: amayamba kutukutira, kutulutsa timanja m'chitenje ndi kulira mukamamumanga. Zikatero muuzeni namwino pa sikelo yotsatira, ndipo usiku wozizira kwambiri mutha kumubwezerabe pachifuwa ngati akulola.