Payi ya kokonati siifuna uvuni wochokera ku Joni

Abale anga amene muli ku Joni, ku Cape Town, ku Durban ndi kwina konseko, Disembala akamayandikira ndimadziwa zimene zimayenda m'mitu mwanu. Mwaphunzira kuphika za mabwana, mukufuna kuti amayi ndi ana amene munawasiya ku Chibavi kapena ku Zolozolo adzalaweko, ndiye mwayamba kale kufunsa mtengo wa kuka ndi nambala ya transporter. Taimani kaye. Payi ya kokonati imapsa bwinobwino pa mbaula. Ine kuno ku Mzuzu ndimaiphika choncho, ndipo sikuti ndinachita kusankha ayi.

Kaphikidwe kake n'kosavuta. Mazira 4, mkaka makapu 2, shuga kapu imodzi yosadzaza, fulawa theka la kapu, kokonati wouma wa m'paketi kapu imodzi, majarini wosungunula masipuni aakulu 4, vanila kasipuni kamodzi, ndi kamchere kongotsina. Takasani zonse pamodzi, thirani m'mbale yophikira ya masentimita 23 yopaka majarini, uvuni pa madigiri 180, mphindi 45 mpaka 55. Palibe chokanda. Fulawa amatsikira yekha pansi n'kupanga kankhoko, mazira ndi mkaka zimagwirana pakati kukhala kasitadi, kokonati amayandama pamwamba n'kufiira. Basi.

Tsopano za uvuni. Ine ndinkagwira ntchito ya m'nyumba ku Cape Town, ndipo payi imeneyi ndinaiphunzira komweko. Nditaganiza zobwerera kwathu ndinagula uvuni watsopano, wa chitseko cha galasi, ndi ndalama zimene ndinazisunga podzimana. Transporter wake anandilozera ndi anthu a kutchalitchi, Mmalawi mnzathu, wolankhula mwaulemu, woyamba ndi "mayi" n'kumaliza ndi "Mulungu akudalitseni". Anatenga ndalama yonse, nalemba dzina langa pakatoni ndi chekeni, nandipatsa kalisiti kokhala ndi dzina lake loyamba ndi nambala ya foni. Akuti ndikamafika pa Mzuzu katundu ndidzam'peza akundidikira.

Foni yoyamba inachokera ku Beitbridge: matayala a ngolo aphulika, aliyense wa katundu awonjezere. Yachiwiri akuti ali pa Mwanza, msonkho wakwera, ndipo ndikapanda kutumiza lero uvuni utsala paboda. Nditafunsa pepala la msonkhowo anandiyankha kuti netiweki ikuvuta, chithunzi sichikupita. Mpaka pano chithunzicho chidakali m'njira. Kenako katundu akuti wafika ku Lilongwe koma galimoto ya ku Mpoto siikupezeka. Kenako foni inayamba kuyankhidwa ndi kamnyamata kodziwa mawu awiri okha, "abwana atuluka".

Mvula inayamba, inafika pakati, ndipo mukudziwa mmene imagwera kuno. Uvuni wanga ndinakaupeza kuseri kwa nyumba ina, pansi pa lona wobooka, pamwamba pake atasanjikapo matumba a anthu ena. Katoni inali itasungunuka. Galasi la chitseko linali zidutswa zokhazokha mkati mwa uvuni momwemo, mabatani awiri kulibe, m'mbali mwayamba dzimbiri. Transporter uja atatulukira sanapepese n'komwe. Anandiuza, akutokosa m'mano, kuti katundu amayenda pa ngozi ya mwini wake, ndipo ndithokoze kuti wafika chifukwa ena safika. Kumene ndinakadandaula anayang'ana kalisiti kaja n'kundifunsa kuti pamene palembedwa kuti "uvuni" ndi pati. Panalibe. Munthuyo anadziwa chimene ankachita polemba lisiti yotero, ndipo ndikumva kuti adakatengabe katundu wa anthu.

Sindikuti matransporter onse ndi akuba. Alipo okhulupirika, ndipo popanda iwo theka la malata a ku Mzimba sakanafika. Koma ngati mwaumirira kutumiza, lisiti ikhale ndi dzina lonse la munthuyo, nambala ya galimoto, dzina la katundu ndi nambala yake ya kufakitale. Jambulani katunduyo asanalowe m'katoni. Ndalama perekani theka, theka linalo akafikitsa. Akakana, m'siyeni. Akati msonkho, muone pepala la MRA, osati mawu a pa WhatsApp. Ndipo zoti "ndi wa kutchalitchi kwathu" zisakugonetseni tulo.

Komanso achimwene, mwaganizapo kuti uvuniwo ukafika ukalumikizidwa pati? Mphamvu ya magetsi ndi yofanana, mavoti 230 ku South Africa ndi kuno komwe, koma pulagi ya kumeneko ndi ya mano atatu obulungira pomwe yathu ndi ya mano atatu a makona. Kuka yaikulu siilowa pa soketi wamba, imafuna waya wakewake ndi munthu wodziwa ntchito. Inu a ku America ndiye musayerekeze n'komwe, zipangizo zanu zing'onozing'ono ndi za mavoti 120, zikangolawa magetsi athu zapsa. Ndiye pali mayunitsi, amene adzagule ndi amayi anu omwewo inu mutabwerera. Pali kuthimathima. Keke ikhoza kupirira pang'ono, koma kasitadi magetsi akathima ili pakatikati, mazira anayi ndi mkaka wanu zapita.

Chimene muyenera kunyamula chimakwana m'chikwama cha m'manja: mapaketi a kokonati wouma, kabotolo ka vanila, kapu yoyezera ndi mbale yophikira yachitsulo. Yagalasi isiyeni, siigwirizana ndi makala. Kapu ya ku South Africa ndi mamililita 250, ya ku America ndi pafupifupi 240, kusiyana kwake sikungaononge payi, koma kapu ya tiyi ya kunyumba ikhoza kukunamizani. Mukaona 350 pa malangizo a ku America, amenewo ndi madigiri a Fahrenheit, kwathu kuno ndi 180 yomwe ija. Kokonati wawo wambiri amabwera wothira kale shuga, choncho chepetsani wanu. Shuga musanyamule chonde. Amalimidwa pa Dwangwa pompa ndi ku Nchalo, ndipo ndimachita manyazi ndikaona munthu akutsika naye basi kuchokera ku Joni.

Pa mbaula timachita mmene timaphikira chigumu, kungoti payi imafuna moto wofatsa. Tengani sefuliya yaikulu, thirani mchenga wouma wokwana zala ziwiri pansi, itenthe kaye. Khazikani mbale ya payi pamchengapo, vindikirani ndi chivindikiro chachitsulo chafulati, n'kuyala makala oyaka pamwamba. Moto wambiri ukhale pamwamba, pansi makala ochepa chabe. Mchenga ndi umene umateteza kuti pansi pasapserere pakati pasanagwire. Musamavundukule pafupipafupi, ndipo povundukula samalani phulusa. Ikatha theka la ola mukhoza kusuzumira. Pamwamba pakafiira msanga, chotsaniko makala. Yapsa ngati m'mbali mwalimba, pakati pakugwedera pang'ono mukaigwedeza, ndipo mpeni wobaya chapafupi ndi pakati ukutuluka woyera. Nthawi ya kuzizira, mu Juni ndi Julayi, phikirani pamalo obisika ku mphepo koma podutsa mpweya. Mbaula m'nyumba yotseka mawindo imapha anthu, musachite masewera.

Zimene zimaononga payi imeneyi ndi kuumira ndi phuma. Cremora si mkaka, achemwali, ndi wothira mu khofi, ndipo kasitadi yake imatuluka ya mafuta okhaokha. Mkaka wa ufa weniweni monga Nido umatheka, sungunulani mmene alembera pachitini. Chambiko ayi. Fulawa akhale wamba, osati wofufumitsa kale. Majarini akasungunuka adikireni azizireko, mukawathira akuwira mazira amapsa musanayambe n'komwe. Dzira lililonse liswereni m'kapu padera, limodzi lovunda la pamsika limataya mbale yonse. Mukapeza kokonati wamphumphu, m'paleni n'kumuumitsa pang'ono pa chiwaya, apo ayi madzi ake amachulukitsa. Moto ukachuluka kasitadi imachita timabowo n'kuyamba kutuluka madzi, ndipo palibe chobweza.

Ikapsa musaidule yotentha, ngakhale ana akuzungulireni bwanji. Idikireni maola awiri kuti igwirane. Ikatero, kaya idyedwe, kaya ilowe mu firiji, mmene ingakhale masiku atatu. Kopanda firiji phikani yoti ithe tsiku lomwelo, makamaka mu Okutobala. Ndipo wina asaganize zophikira payi ku Joni n'kupatsira munthu wa pabasi. Ulendo wodutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza kapena Dedza, kenako msewu wonse wa M1 mpaka kuno, ndi wa masiku, ndipo za mazira ndi mkaka sizipirira kutentha kwa ku Tete. Tumizani ndalama ya mazira ndi kokonati wa m'paketi, malangizo muwauze pafoni.