Mnzanu akakomoka pa freediving: choti muchite m'madzi ndi pambuyo pake

Anthu opikisana kulowa pansi pa nyanja opanda thanki ya mpweya (freediving) amakomoka kawirikawiri pobwerera, m'mamita 10 omaliza, kapena atatulutsa kale mutu. Pa mamita 10 madzi amafinya mpweya wa m'mapapo kufika theka, ndipo kufinyako kumathandiza okosijeni kulowa m'magazi, munthu n'kumamva bwinobwino. Pokwera, mapapo amafutukuka, mphamvu ya okosijeni imagwa msanga, ubongo n'kuzima popanda chenjezo.

Musapume mothamanga musanalowe. Kutero kumachotsa carbon dioxide, yemwe ndi amene amachititsa munthu kumva kubanika, koma sikuwonjezera okosijeni weniweni. Ndipo musalowe nokha, ngakhale m'dziwe losambiramo: wina akalowa, wina adikire pamwamba.

Mnzanu akatuluka, khalani pomwe mkono wanu ungamufike ndipo mumuyang'anitsitse masekondi 30. Malamulo a AIDA, bungwe loyendetsa mipikisano ya masewerawa, amafuna kuti m'masekondi 15 wopikisana avule zakumaso, apange chizindikiro cha OK ndi zala, kenako anene "I'm OK". Akayamba kugwedezeka, milomo yada, kapena maso angoti tong'o, mugwireni.

Chofunika koposa n'chakuti pakamwa ndi mphuno zikhale pamwamba pa madzi. Mugonekeni chagada, mwachirikiza mutu. Chotsani magalasi ndi chopanira mphuno, muuzireni mpweya m'maso, mugogodeni pang'ono pa tsaya, mukumuitana dzina: "Pumani!" Osamumenya mbama kapena kumugwedeza. Akapanda kupuma pakadutsa masekondi 10 mpaka 15, mupumireni m'kamwa, mutulutseni m'madzi, itanani thandizo, ndipo ngati mtima sukugunda yambani CPR (kudinikiza pachifuwa mobwerezabwereza ndi kumupumira m'kamwa). Wokomoka amadzuka akukana kuti sanakomoke. Musamumvere, tsiku limenelo asalowenso.

Kutsokomola magazi kapena thovu lofiirira ndi chizindikiro choti mapapo avulala ndi kufinyika. Mupatseni okosijeni, apite kuchipatala, asabwerere pansi mpaka dokotala atavomereza. Nicholas Mevoli, wopikisana wa ku America, anamwalira mu 2013 ku Dean's Blue Hole, dzenje lakuya la m'nyanja ku Bahamas, atangotuluka kuchokera pa mamita 72, akulephera kupuma.

Dzanzi, chizungulire, kufooka mbali imodzi kapena lilime kulemera pambuyo polowa mwakuya kapena mobwerezabwereza, ganizirani za timathovu ta mpweya wa nayitrojeni tomwe timapangika m'thupi pokwera. Apa pamafunika okosijeni nthawi yomweyo ndi chipinda cha hyperbaric (chipinda cha kuchipatala chomwe amapoperamo mpweya mwamphamvu kuti timathovuto tisungunuke), choncho dziwiranitu komwe chili musanapite panyanja.

Vuto la timathovuli likakhala lalikulu, kuchira kwake kumatha kutenga miyezi kapena zaka. Herbert Nitsch wa ku Austria atafika mamita 253 ku Santorini, ku Greece, mu 2012, vutoli linamuchititsa sitiroko zingapo, ndipo anachita kuphunziranso kuyenda ndi kulankhula asanabwerere m'madzi. Wochira ayambire kumtunda ndi mafizo, kenako kusambira pamwamba, kenako mamita ochepa pa chingwe chotsikira pansi, mnzake ali pafupi. Mantha akamugwira pa chingwepo, abwerere, ayesenso tsiku lina.