Kuika ampu ndi crossover osachotsa wailesi yobwera ndi galimoto

Amwene ambiri kuno ku Johannesburg akangogula ka Polo Vivo kapena Corolla, choyamba n'kufuna kuzula wailesi yafakitale, koma musathamangire, wailesi ija imagwirizana ndi mabatani a pachiwongolero ndiye mukaizula mwataya zambiri. Chovuta chake n'choti mawailesi ambiri afakitale alibe mabowo a RCA kumbuyo, molowa mawaya otumiza mawu ku ampu, kachipangizo kokweza mphamvu ya mawu. Mugule line output converter, m'mashopu a zoimbira ku Fordsburg kapena Crown Mines mukangoti hi-lo akumvani, mumailumikiza ku mawaya a masipika iyo n'kutulutsa RCA yopita ku ampu. Ampu zina zili ndi high level input kale, polowetsa mawaya a masipika mwachindunji, zimenezo hi-lo safunikanso.

Musanagwire waya uliwonse masulani negetivu ya batire kaye.

Waya wamoto uchoke ku pozitivu ya batire mpaka kubuti, wa 8 gauge ngati ampu ndi yaing'ono, wonenepa wa 4 gauge ngati muli ndi sabu (sipika ya bezi) yaikulu, ndipo fyuzi ikhale pafupi ndi batire penipeni, osapitirira masentimita 30, chifukwa waya ukakhuzika pa chitsulo opanda fyuzi galimoto imayaka moto basi. Ine ndimakonda wa kopa weniweni, OFC, uja wotchipa wa CCA ndi aluminiyamu wongokutidwa kopa pamwamba, amatentha. Waya wa ground, wochoka ku ampu kupita ku chitsulo cha galimoto, ukhale waufupi, palani penti mpaka chitsulo chiwale musanamange bawuti. RCA idutse mbali ina ya galimoto, wamoto mbali ina, apo ayi mudzamva kaphokoso kolira ngati udzudzu kokwera mukaponda mafuta. Osaiwala kawaya ka remote koyatsa ampu, ma hi-lo ena amatulutsa okha.

Tsopano crossover, yomwe imagawa mawu kuti sipika iliyonse ilandire oyenera iyo, apa ndi pomwe anthu amalakwitsa. Mukagula ma splits, masipika aja obwera twita payokha mid payokha, m'bokosimo mumakhala timabokosi tiwiri ta crossover, waya wochokera ku ampu umalowa mmenemo kenako n'kugawika, wina ku twita, kasipika ka mawu ang'onoang'ono, wina ku mid, sipika ya mawu apakati ya pachitseko. Musalumikize twita molunjika ku ampu aise, bezi imaiwotcha tsiku lomwelo. Pa ampu palinso tima switch, masipika a zitseko ikani HPF, yotsekereza mawu akuya, cha pa 80Hz kuti asavutike ndi bezi yakuya, sabu ikani LPF, yodutsitsa bezi yokha, cha pa 80Hz pomwepo, kenako sunthani pang'onopang'ono khutu lanu likuuzani.

Za ma watt 3000 olembedwa pabokosi zisiyeni, yang'anani RMS, mphamvu yeniyeni yomwe imapitirira nthawi zonse, ndi ma ohm, muyeso wa momwe sipika imakanira magetsi, ampu igwirizane ndi sabu yanu kaya ndi 4 ohm kaya 2.

Gain, kopotokola ka pa ampu kogwirizanitsa ampu ndi mphamvu ya mawu ochokera ku wailesi, si volyumu. Kwezani wailesi mpaka magawo atatu mwa anayi, kenako gain pang'onopang'ono mpaka mawu ayambe kusasa, bwezani pang'ono n'kusiya pomwepo. Bass boost ikhale ziro. Bokosi la sabu limangeni ndi mabawuti kubuti, ndipo mukamafika pomwe mumagona tsitsani volyumu musanakhote, kuno ku Joni akuba amamvera ndi khutu.