Foni izikukumbutsani ma ARV, koma isakuululeni kwa mwamuna wankhanza

Ndinayamba kumwa ma ARV mu 2015, ndili ndi pakati pa mwana wachiwiri. Bambo a anawo sanadziwe kanthu mpaka Lachisanu lina madzulo, pomwe foni yanga inalira ili pampando ine ndikuomola nsima. Alamuyo ndinali nditailemba ndekha, ndi zala zangazi, kuti "ARV 8 koloko". Anaiwerenga mokweza ana ali pomwepo. Zomwe zinatsatira sindizilemba pano, kungoti dzino limodzi lakutsogolo ndilibe mpaka lero. Banjalo linatha patapita zaka ziwiri. Panopa ndimathandiza modzipereka ku kiliniki ya ma ARV kwathu kuno, ndipo zomwe ndikulembazi ndi zomwe ndimanong'oneza amayi anzanga pabenchi tikamadikira sikelo.

Poyambira ndi apa: konzani foni yanu ngati kuti usiku uno aitenga n'kuiwerenga yonse. Mwamuna wokayikira safufuza m'thumba la ufa, amayamba ndi foni.

Alamu ikhalepo, chifukwa mutu wa munthu amene wagona akutukwanidwa umaiwala. Koma ipatseni dzina la ntchito yapakhomo yomwe mumachitadi pa nthawiyo: "kutunga madzi", "phala la mwana", "kutsegulira nkhuku". Musalembe "pemphero" ngati simupemphera nthawi imeneyo, adzafunsa. Ambirife tikumwa 13A, piritsi limodzi patsiku lomwe muli tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir, ndipo ubwino wake ndi woti simukakamizidwa kumwa usiku. Ena akamwa usiku sapeza tulo, n'chifukwa chake kuchipatala amakonda kunena kuti m'mawa. Ngati bambowo amachoka 6 koloko kupita kuganyu, ikani alamu ya hafu pasiti sikisi, mumwe muli nokha. Mukafuna kusintha nthawi yomwera, auzeni adokotala kapena anesi tsiku lotenga mankhwala. Likakhala tsiku loti m'nyumba munali moto ndipo nthawi yadutsa, imwani mukangopeza mpata ngati sipanathe maola 12. Akadutsa maola amenewo, dikirani nthawi yanu yamawa, ndipo musamwe awiri pakamodzi.

Tsopano nambala yomwe munasiya kuchipatala. Apa ndi pomwe amayi ambiri amagwa osadziwa. Tsiku loyamba lija, mutu uli zweee ndi zotsatira za magazi, anakufunsani nambala ya foni, inu n'kutchula yomwe inabwera m'mutu. Kwa ena inali ya mwamuna yemweyo. Mukajomba tsiku lotenga mankhwala, achipatala amaimba, ndipo akapanda kukupezani amatuma munthu kunyumba. Cholinga chawo ndi chabwino, koma sadziwa za kwanu mukapanda kuwauza. Ulendo ukubwerawu pemphani kuti muone nambala yomwe ili pakhadi lanu. Nenani mosabisa kuti, "Kunyumba kuli nkhanza, musaimbe madzulo, musatume munthu." Ngati foni mumabwerekana ndi bambowo, siyani nambala ya mchemwali wanu kapena mnzanu wa ku banki m'khonde amene amadziwa kale. Zipatala zina, monga a Lighthouse ku Lilongwe, zimakumbutsa anthu tsiku lawo kudzera pa meseji. Ndi chinthu chothandiza kwambiri kwa amene foni ndi yakeyake. Musanavomere, funsani kuti akuonetseni mawu enieni omwe adzabwere, muwawerenge ndi maso a mwamuna wanu.

Pa nkhani ya pasiwedi ndimasemphana ndi atsikana ophunzira omwe amabwera kudzatiphunzitsa. Iwo amati tsekani foni. Ine ndimati, foni yomwe dzulo inali yotsegula lero n'kupezeka yokhoma, imeneyo ndi ndewu kale. "Ukubisa chiyani?" Ngati munaikhoma kuyambira kale ndipo anazolowera, isiyeni choncho. Apo ayi, bola foni yotsegula koma yopanda kanthu. Mukaimba kuchipatala, fufutani nambala yokhayo pamndandanda wa omwe mwawaimbira. Musafufute mndandanda wonse, chifukwa foni yoyera mbee nayonso imadzutsa mafunso.

Amene muli pa WhatsApp, zimitsani zija zoti meseji izionekera pagalasi foni isanatsegulidwe. Pocheza ndi munthu amene mumamuuza zakukhosi, tcherani kuti mameseji azifufutika okha pakatha maola 24. Kenako lowani pomwe palembedwa Linked devices. Mukapezapo foni kapena kompyuta yomwe simukuidziwa, ndiye kuti wina akuwerenga zonse ali kwina. Musathamangire kuichotsa, chifukwa adzadziwa kuti mwatulukira. Ingosiyani kulemba zachinsinsi pamenepo mpaka mutapeza pothawira. Magulu a pa WhatsApp a anthu omwa ma ARV amalimbikitsa, sindikana, koma aliyense m'gulumo amaona nambala yanu, ndipo simudziwa kuti foni ya mnzanu usiku imagona m'manja mwa ndani.

Manambala atatu awa asungeni m'mutu, osati m'foni. 5600 ndi ya nkhanza za pakati pa amayi ndi abambo, amayankha ndi a bungwe la YONECO. 116 ndi ya ana. 929 ndi Chipatala Cha Pa Foni, komwe mungafunse za mankhwala ndi zina zaumoyo. Onsewa ndi aulere, kafoni ka mabatani kopanda mayunitsi kamaimba bwinobwino. Ikapanda kuyankhidwa ulendo woyamba, yesaninso.

Koma pakati pa usiku amene angafike pakhomo panu msanga ndi mnansi. Ine ndinapangana ndi mayi wina woyandikana naye nyumba, wogulitsa mandasi. Ndikamuflasha kawiri motsatizana, ankabwera kudzagogoda ati kudzabwereka sefa, amuna ake ataima chapatali ndi tochi. Sefa 11 koloko usiku! Aliyense ankadziwa kuti ndi bodza, koma dzanja linkatsika. Pezani wanu wotero, mugwirizane chizindikiro chosafuna mayunitsi kapena kulemba zambiri, ndipo mugwirizanenso chomwe iye adzachite: kugogoda, kudzutsa amfumu, kapena kutenga ana.

Tsiku lothawa simudzakumbuka botolo. Ine langa ndinalisiya kudenga, m'kati mwa udzu, ndipo ndinakhala masabata atatu kwa amayi anga osamwa, poganiza kuti kwina sangandipatse. Ndinalakwitsa. Chipatala chilichonse chopereka ma ARV m'Malawi muno chingathe kukupatsani a mwezi umodzi mwadzidzidzi, bola aone umboni wa mankhwala omwe mumamwa. Ndiye lero lomwe jambulani tsamba la m'buku lanu lakuchipatala pomwe pali nambala yanu ya ma ARV, mtundu wa mankhwala ndi tsiku lobwerera. Tumizani chithunzicho kwa munthu mmodzi wodalirika, kenako chifufuteni pocheza paja, m'zithunzi, ndi m'kabini komwe zofufutidwa zimakakhala masiku angapo. Wopanda foni ya kamera alembe nambalayo papepala, alisiye kwa mnzake yemweyo. Ngati mumalandira mabotolo a miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi, limodzi losatsegula likhale kumeneko.

Chimodzimodzi mabala. Jambulani tsiku lomwelo, tumizani, fufutani. Mameseji oopseza atumizeninso kwa wosunga uja musanawachotse. Tsiku lomwe mudzalimbe mtima kupita ku Victim Support Unit, ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza kupolisi, kapena kukhoti la majisitireti kukapempha chikalata choletsa munthuyo kukuyandikirani pansi pa lamulo la 2006 loteteza ku nkhanza za m'banja, simudzangodalira pakamwa. Ngati munakakamizidwa kugonana, pitani kuchipatala pasanathe maola 72. Amene alibe kachirombo ka HIV amapatsidwa PEP, mankhwala oteteza kuti asakatenge, ndipo ife omwe tili nako kale timafunikabe mankhwala oteteza kuti tisatenge mimba ndi matenda ena opatsirana pogonana. Kumwa ma ARV sikutanthauza kuti ulendowo ndi wopanda ntchito.

Ndalama ya thiransipoti pa Airtel Money kapena Mpamba ndi yabwino kuposa yomanga pachitenje, koma mameseji ake amaulula zomwe zatsala. Njira yomwe ndaona ikugwira ndi simu yachiwiri, yolembetsa ndi chiphaso chanu cha unzika, yomwe imakhala kwa mnzanu. Muzikaponyako pang'onopang'ono mukagulitsa tomato, ndipo nambala yachinsinsi isakhale chaka chomwe munabadwa kapena chomwe anabadwa mwana wanu.

China chomwe timaiwala ndi kotchajitsa. Foni imakhala pa shopu tsiku lonse, pamodzi ndi mafoni ena makumi awiri, ndipo mnyamata wotchajayo mwina amamwera limodzi ndi bambo a kwanu. Izimitseni musanaipereke, simu muchotse, muimange pakona ya chitenje. Ndipo ikabwera ndi moto, onani kaye ngati tsiku ndi nthawi sizinasokonekere, chifukwa timafoni tina ta mabatani tikachotsedwa batire timabwerera ku Januwale, alamu ya phala la mwana n'kudzalira 2 koloko usiku.